Anati bambo aledzera: yankho kwa mayi amene anachezera pabenchi ku casualty

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene wapempha kuti ndisatchule dzina lake ngakhale la chipatala. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi ake:

"Bambo anga ali ndi zaka 67, amadwala shuga ndi BP. Tsiku limenelo sanadye bwino chifukwa m'mimba munkawavuta, koma mankhwala anamwa monga mwa masiku onse. Cha m'ma 9 koloko usiku anayamba kutuluka thukuta, kuyankhula zosamveka, kuyenda modzandira. Tinapempha galimoto ya aneba n'kuthamangira ku casualty. Nesi amene tinamupeza anangowayang'ana ali chapatali n'kunena kuti, 'Aledzera awa, akhale pabenchipo mowa uyambe wawachoka.' Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, mowa sanaulawepo. Nditayesa kufotokoza anandiuza kuti ngati udokotala ndikuudziwa ndiwachize ndekha. Anthu obwera pambuyo pathu ankalowa ife tili pompo. Patapita maola oposa awiri, bambo atasiya kuyankha, mnyamata wina wovala gauni yoyera akudutsa anaima, anawabaya pachala, n'kufuula kuti abweretse machira. Anawaika diripi ya shuga ndipo posakhalitsa anatsegula maso n'kufunsa kuti tili kuti. Kodi anthu amenewa mitima yawo inauma, kapena pali chimene ife sitikudziwa? Olowa patsogolo pathu aja anapereka kangachepe? Ndikufuna kukadandaula koma ndikuopa, poti bambo amalandira mankhwala pachipatala chomwecho."

Mayi, pepani kwambiri. Mukawapepesenso bambo m'malo mwanga. Zimene zinakuchitikiranizi n'zolakwika, ndipo ndikunena izi monga munthu amene ndinagwirapo ntchito ya unamwino, mashifiti a usiku ndikuwadziwa bwino. Sindikuuzani kuti anamwino amatopa ndiye muwamvetse, n'kuthera pomwepo. Kutopako kulipo ndipo ndikufotokozerani, koma bambo anu akanatha kutsikira kuli chete ali pabenchi chifukwa cha chinthu chimene kuyeza kwake sikutenga ndi mphindi imodzi yomwe.

Mmene mwafotokozeramu, shuga wawo anatsika kwambiri. Ambirife timangoopa shuga wokwera, koma wotsika ndiye amapha msanga. Ubongo umadalira shuga wa m'magazi nthawi zonse, ulibe kosungira wina wapadera. Munthu akamwa mankhwala otsitsa shuga koma osadya, makamaka glibenclamide amene ambiri amalandira m'zipatala zathu, kapena akabaya insulin, shuga amatha kutsika kupitirira muyezo. Akafika pansi pa 3.9 pakamakina koyezera kaja, kapena pansi pa 70 pa makina owerenga mwa mtundu winawo, thupi limayamba kunjenjemera, thukuta lozizira limatuluka, mtima umathamanga. Akatsikabe, munthu amayankhula zobwebweta, amadzandira, ena amayamba ndewu, kenaka amakomoka. Ukamuonera patali amafanana ndithu ndi munthu woledzera. N'chifukwa chake wophunzira aliyense wa unamwino kapena wa clinical officer amaphunzitsidwa kuti munthu wosokonezeka mutu mwadzidzidzi uyambe wamuyeza shuga usanaganize china chilichonse.

Ndiyambe ndi anthu olowa patsogolo panu aja, chifukwa apa ndi pamene mitima ya ambiri imawawira. Ku casualty si kuchigayo kumene wolawirira ndiye amayamba kugayitsa. Mzere wa kumeneko umayenda potengera amene ali pafupi kwambiri ndi imfa. Achipatala amati triage: wodwala aliyense akangofika aonedwe mwachangu, aikidwe m'gulu. Ofiira amalowa nthawi yomweyo, achikasu amaonedwa msanga, obiriwira amadikira ngakhale anafika kukuwala. Abale athu a ku Johannesburg ndi Cape Town akudziwa kuti kumeneko kulinso gulu la olenji pakati pa ofiira ndi achikasu, loyenera kuonedwa pasanathe mphindi 10, pamene wachikasu amapatsidwa ola limodzi ndipo wobiriwira maola anayi.

Njira imeneyi isationekere yachilendo, chifukwa mbali yake ina inakulira konkuno. Chisanafike chaka cha 2001, ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ana odwala ankakhala pamzere umodzi wautali, wachimfine ndi wa malungo aakulu pamodzi, aliyense kudikira nthawi yake. Pa ana 100 alionse amene ankamwalira atagonekedwa, 36 ankamwalira pasanathe maola 24 chifikireni. Professor Elizabeth Molyneux, dokotala wa ana, ndi anzake anakonzanso malo olandirira ana. Anaika munthu woona mwana aliyense akangofika, anaphunzitsa anamwino ndi ma clinical officer kuzindikira zizindikiro zoopsa, anakonza chipinda chotsitsimutsira odwalitsitsa pafupi pomwepo, ndipo madokotala akuluakulu anayamba kumapezeka pamalopo kuyang'anira ntchito. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2006 zinaonetsa kuti imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pakati pa 10 ndi 18 pa ana 100 alionse kufika pakati pa 6 ndi 8, ndipo imfa za tsiku loyamba zija zinatsika kuchoka pa 36 kufika pafupifupi 13. Chachikulu chimene chinasintha chinali dongosolo la pakhomo ndi maso a anthu ogwira ntchito pamenepo. Zimene zinaphunziridwa ku Malawi zinalowa m'maphunziro a ETAT a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, ophunzitsa kusankhula ndi kuthandiza mwachangu ana odwalitsitsa, amene lero amaphunzitsidwa m'mayiko ambiri a mu Africa. Mu 2011 chipatala chomwecho chinatsegulanso malo apadera olandirira akuluakulu odwala mwadzidzidzi ndi ovulala, otchedwa AETC.

Choncho kulowa kwa anthu aja patsogolo panu, pakokha, si umboni wa ziphuphu. Ziphuphu zilipo, tonse tinamvapo za "ya Fanta" ndi za achibale a abwana olowera khomo lakuseri, ndipo kumene zikuchitika ndi mlandu woyenera kukafika ku Anti-Corruption Bureau. Koma mnyamata wa kabaza amene wafika magazi ali chuchuchu, kapena mwana amene akukomoka m'manja mwa mayi ake, akalowa inu muli pabenchi, chimenecho ndicho chilungamo cha malo aja.

Polakwika ndi apa: bambo anu ndiwo anayenera kukhala m'gulu la olowa msangawo. Panjira iliyonse yosankhulira odwala, munthu amene mutu wasokonezeka mwadzidzidzi saikidwa pabenchi. Ndipo kusankhula kwenikweni kumafuna kuyandikira. Umamugwira dzanja n'kumva ngati lazizira, umawerenga kugunda kwa mtima, umaona mmene chifuwa chikukwerera, umamuitana dzina, umayeza BP, umatsegula buku lake la kuchipatala. Buku lija akanangolitsegula, tsamba loyamba lomwelo likanamuuza kuti munthuyu ndi wa shuga. Nesi uja anagamula ali chapatali, ndipo chimene chinamutsogolera pogamulapo ndi kunyoza.

Apa ndi pamene ndikufuna ndikhalitsepo. Timakonda kukamba za khalidwe la achipatala ngati nkhani ya ulemu basi, ngati kuti n'zotheka munthu kutukwanidwa koma n'kuthandizidwa bwinobwino. Ku casualty zimenezi sizichitika kawirikawiri. Ukangomuweruza munthu kuti ndi chidakwa, wasiya kufufuza chimene chikumuvuta. Ukangomukalipira gadiyani kuti akhale chete, wataya munthu yekhayo amene akudziwa kuti wodwalayo wamwa chiyani, wadya liti, zinayamba bwanji. Inuyo, Mayi, munali ndi yankho lonse pakamwa panu: shuga, mankhwala, osadya. Mawu atatu amenewo akanangomvedwa, bambo akanadzuka cha m'ma 10 koloko. Mwano uja ndiwo unabisa matenda kwa maola awiri.

Mwalemba kuti bambo ndi mkulu wa mpingo ndipo mowa sanaulawepo. Ndikumva kuti mawu aja anakulasani pawiri, ndipo m'pomveka. Komabe ndikupempheni tiyang'ane patsogolo pang'ono. Ngakhale akanakhala kuti achokera kushabini akununkha kachasu, anayenera kuyezedwa chimodzimodzi. Mowa nawo umatsitsa shuga, makamaka kwa munthu amene wamwa pamimba yopanda kanthu. Woledzera amagwa n'kumenyetsa mutu, magazi n'kumasonkhana m'kati mwa chigaza iye akuoneka ngati wangogona. Amasanza ali chagada n'kutsamwa ndi masanzi ake omwe. Amenewa ndi amene amapezeka m'mawa atazizira pabenchi, ndipo ambiri alibe mwana woti awalembere imelo. Chimodzimodzinso mnyamata amene wamwa tameki, mtsikana amene wabwera akutaya magazi atachotsa mimba, munthu amene wamenyedwa ndi gulu pomuganizira kuba. Mawu owawa kwambiri amene ndinawamvapo m'chipatala ankagwera anthu oterewa: "Unkafuna kufa, ndiye wabwereranji kuno?" "Pochita zimenezo unatiitana?" Tikamavomereza mumtima kuti amenewa akuyenera kunyozedwa, ndiye kuti tapereka chilolezo chimene tsiku lina chidzagwera bambo athu osalakwa, monga chinagwera anuwa.

Tsopano ndikulowetseni m'kati, muone zimene nesi amaona. Shifiti ya usiku imayamba chakumadzulo n'kutha kutacha, kawirikawiri maola oposa 12. M'zipatala zambiri za m'maboma, usiku pamakhala nesi mmodzi kapena awiri, ndi clinical officer mmodzi amene akuyang'aniranso mawodi, mwinanso nthawi imeneyo ali kuthiyeta ndi mayi amene mwana wapingasa. Minibasi ikagubuduzika pa M1, ovulala amafika onse nthawi imodzi atasanjidwa kumbuyo kwa lole, ena akubuula, ena ali zii, ndipo amene ali ziiwo ndiwo oopsa. Silinda ya okosijeni ilipo imodzi, obanika atatu, iwe ndiye usankhe woti apume. Magolovesi atha, ukutsuka omwewo. Kamakina ka shuga kalipo koma timapepala take tinatha mwezi watha, kapena tatsala tiwiri ndipo tatsekeredwa m'kabati ya wodi ina. Magetsi azima, jenereta ilibe dizilo, ukusoka bala wina akukuunikira ndi tochi ya pafoni. Ndalama ya lokamu (ya mashifiti owonjezera) ya miyezi yapitayo sinalowe, kunyumba landilodi wabwera kale kawiri. Uli pakati pa zonsezi, wachibale wa wodwala wina woledzera akukulozaloza chala kumaso, nthawi zina mbama kumene.

Izi sizongopeka pofuna kudzikhululukira. Bungwe la WHO limati dziko likufunika madokotala, anamwino ndi azamba osachepera 4.45 pa anthu 1,000 alionse kuti lithe kupereka chithandizo chokwanira, ndipo Malawi sanafike ngakhale pa theka la chiwerengero chimenechi. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma zaka zambiri bajeti yathu imaperewera pamenepo. Chopweteka kwambiri n'chakuti anamwino omaliza maphunziro alipo, ali pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, pamene anzawo m'mawodi akugwira ntchito ya anthu atatu. Boma linaonetsapo kuti likafuna limatha: anamwino atachuluka kupita ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, mu 2005 linawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti mothandizidwa ndi abwenzi akunja, n'kuchulukitsanso ophunzira m'makoleji.

Munthu amene amaona imfa usiku ndi usiku, zida zopulumutsira palibe, womufunsa kuti "uli bwanji" palibenso, mtima wake umayamba kudzitchinjiriza. Amasiya kuyang'ana anthu kumaso. Wodwala amasanduka "wa shuga uja" kapena "bedi 4". Ophunzira amabwera ndi mtima wofewa, amaonera akuluakulu awo akukalipira anthu popanda wowadzudzula, pakutha pa chaka nawonso pakamwa pasintha. Ndinaziona zimenezi zikuchitikira atsikana abwino kwambiri, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Timati ikawola imodzi zawola zonse, koma musaiwale kuti anamwino omwewa ndi amene anagona m'matenti a kolera mu 2022 ndi 2023, pamene matendawa anapha anthu oposa 1,700, ndiponso ndi amene analandira ovulala okutidwa matope pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ena mwa iwo nyumba zawo zitakokoloka.

Ndiye funso lanu loti kodi mitima inauma, yankho langa n'lakuti ya ena inaumadi, ndipo chimene chinaiumitsa tikuchidziwa. Koma mnyamata wa gauni yoyera uja ankagwira ntchito usiku womwewo, m'nyumba yomweyo, mavuto ake omwewo. Anaima. Kuchepa kwa anthu ndi zida kumachititsa kuti odwala adikire, zimenezo n'zoona. Sikukakamiza munthu kutukwana. Mpweya umene nesi uja anawononga ponena kuti muwachize nokha ukanakwanira kunena kuti, "Pepani mayi, ndili ndekha ndipo mkatimu muli wina akutaya magazi. Bambowa ali ndi matenda anji? Akasintha mundiitane." Anthu athu ndi opirira modabwitsa. Amatha kudikira usiku wonse popanda kudandaula ngati wina wawayang'ana, wawauza chimene chikuchitika, ndipo wabweranso kudzawaona. Chimene sapirira nacho ndi kukhala ngati palibe amene wawaona.

Ndipo ine mlandu waukulu ndimaupereka kwa oyang'anira. Pachipatala chilichonse, nesi wamwano amadziwika ndi aliyense, kuyambira kwa metroni mpaka kwa alonda a pageti. Odwala amachenjezana pamzere kuti lero kuli uje, samalani. Ngati munthu wotere akhala zaka osaitanidwa muofesi, ndiye kuti akuluakulu avomereza. Akati amulange, kawirikawiri amangomusamutsira kuchipatala chaching'ono chakumudzi, kumene anthu alibenso kwina kothawira. Phunziro la ku Queens lija lili ndi mbali imene timaiiwala: akuluakulu anatsika n'kukakhala pakhomo pamene odwala amafikira. Pamene wamkulu amazungulira usiku, amafunsa a pabenchi kuti afika nthawi yanji, amayamikira wogwira bwino n'kudzudzula wolakwa pompopompo, khalidwe limasintha ngakhale malipiro asanasinthe.

Mwano ulinso ndi mtengo wina umene suoneka usiku womwewo. Munthu amene ananyozedwa kuchipatala, ulendo wina amazengereza. Amagula Panado kugolosale, amayesa mankhwala azitsamba, amaitana abusa, amadikira kuti kuche. Akafika matenda atakula, amalandiridwa ndi funso lodziwika lija: "Munali kuti nthawi yonseyi?" Yankho loona, limene palibe amalinena, n'lakuti tinali kunyumba kukuopani. Inunso, Mayi, ndikukupemphani kuti zimenezi zisakugwireni. Bambo akadzadwalanso usiku, thamangani nawo monga munachitira.

Mwafunsa ngati pali chimene inu simukudziwa. Simunalakwitse kanthu, koma pali zinthu zimene zingakuthandizeni mtsogolo. Mukafika pakhomo, musayambe ndi moni wautali kapena mbiri ya matenda kuyambira chaka chatha, ngakhale mwambo wathu umatero. Yambani ndi choopsa kwambiri, m'mawu ochepa: "Ali ndi shuga, amwa mankhwala osadya, mutu wasokonezeka, chonde ayezeni shuga." Buku la kuchipatala likhale m'manja lotsegula, mapaketi a mankhwala onse amene akumwa akhale m'jumbo. Pali mawu amene wachipatala aliyense wophunzitsidwa ayenera kudzidzimuka nawo: sakupuma bwino, wakomoka, magazi sakusiya, chifuwa chikuwawa kwambiri ndipo akutuluka thukuta, mbali imodzi yafooka ndipo pakamwa papotoka, wamwa poizoni, walumidwa ndi njoka, ndi woyembekezera ndipo akutaya magazi, khanda lasiya kuyamwa. Ngati chili choona, chineneni poyambirira. Ngati si choona musachinene pofuna kulowa msanga, chifukwa mukatero mwalanda malo a wina amene akufadi. Ayankhule munthu mmodzi amene akudziwa nkhani yonse, ena akhale pambali.

Mukaikidwa pabenchi, wodwala n'kusintha, bwererani. Gulu limene munthu waikidwa pofika si la usiku wonse. Wobiriwira wa 9 koloko akhoza kukhala wofiira pofika 10 koloko, ndipo m'zipatala zathu, momwe mulibe makina olira pabedi lililonse, gadiyani ndiye amaona kusinthako. Mukakanizidwa, funsani modekha koma mosabwerera m'mbuyo kuti, "Amene akuyang'anira shifiti ino ndani? Ndikufuna ndiyankhule nawo." Imitsani wovala yunifolomu aliyense wodutsa. Ndi bwino kutchedwa wovuta kusiyana n'kukhala chete wodwala akuzirala. Ovulala pangozi nawonso asabwezedwe kuti akatenge kaye kalata ya apolisi. Kalatayo ndi ya mlandu ndi inshulansi, ikhoza kubwera munthu atathandizidwa kale.

Pa nkhani ya bambo yeniyeniyo, zizindikiro zija zikadzayambanso ali maso ndipo akutha kumeza, apatseni nthawi yomweyo madzi osungunulira masupuni atatu kapena anayi a shuga, kapena Fanta, kapena Sobo, kenaka chakudya, ndipo mupitebe nawo kuchipatala chifukwa glibenclamide amakhalitsa m'thupi, shuga akhoza kutsikanso patapita maola. Ngati akomoka musawathire chamadzi m'kamwa, angatsamwe. Agonekeni cham'mbali, apakeni shuga pang'ono m'kati mwa tsaya, muthamange nawo. Ndipo musadikire tsiku la sikelo yawo ya shuga. Pitani nawo sabata ino mukafotokoze zimene zinachitika, kuti aone ngati mankhwala kapena mlingo wake uyenera kusintha. Kwa munthu wachikulire amene shuga watsikapo mpaka kukomoka, limeneli ndi funso lofunika kufunsa. Afunseninso chochita pa tsiku limene bambo akulephera kudya.

Tsopano za kudandaula. Mantha anuwo ndikuwamva, ndipo ndi amene amachititsa kuti zinthu zoterezi zizingopitirira, poti aliyense amati bola wachira, tizisiye. Ine ndikuti kadandauleni. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino limati ulemu wa munthu aliyense sungaphwanyidwe, ndipo chikalata cha ufulu wa odwala, chimene chimamatidwa pamakoma a zipatala zambiri, chimatchula ufulu wolandira ulemu, wouzidwa za matenda ako, wokhala ndi gadiyani, ndi wodandaula. Simukupempha chifundo.

Poyambira ndi kwa hospital ombudsman. Kuyambira mu 2018, Unduna wa Zaumoyo mogwirizana ndi ofesi ya Ombudsman unaika anthu amenewa m'zipatala za boma kuti azilandira madandaulo, ndipo nambala yawo ya foni kawirikawiri imamatidwa pakhoma. Kufooka kwa dongosololi n'kwakuti ambiri mwa iwo ndi ogwira ntchito pachipatala chomwecho, ndiye kufufuza mnzako amene umadya naye nkhomaliro si chinthu chapafupi. N'chifukwa chake ndikuti mulembe kalata, musangoyankhula pakamwa, ndipo ina mupereke kwa mkulu wa chipatala kapena kwa mkulu wa zaumoyo m'bomalo (ambiri timati a DHO), ina musunge yodindidwa tsiku limene yalandiridwa. Zikapanda kuyenda, nkhani ya nesi imapita ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ya dokotala kapena clinical officer ku Medical Council of Malawi, ndipo ofesi ya Ombudsman, imene ili ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Balaka, imalandira madandaulo okhudza mabungwe a boma popanda kulipira.

Ambiri masiku ano amathamangira ku Facebook, ena amajambula kanema pomwepo. Ukali wake ndikuumvetsa, ndipo nthawi zina ndi phokoso lokhalo limene limadzutsa akuluakulu. Koma kanema wa ku casualty amajambulanso odwala ena ali maliseche, ali m'magazi, amene sanavomere kuonedwa ndi dziko lonse. Ndipo nkhani ikatentha masiku atatu imazizira, pakhomo paja osasintha kanthu. Kalata yolembedwa bwino imakhala m'failo ndipo imafuna yankho.

M'kalatamo lembani tsiku, nthawi imene munafika, mawu enieni amene ananenedwa, nthawi imene bambo anayezedwa, ndi nambala ya shuga imene inapezeka. Iyenera kuti inalembedwa m'buku lawo, jambulani tsambalo. Dzina la nesi ngati simukulidziwa musavutike, ndandanda ya mashifiti imasonyeza amene anali pantchito usiku umenewo. Musatukwane, musawonjezere. Mumutchulenso mnyamata uja ndi zimene anachita. Anthu ngati iyeyo sayamikiridwa kawirikawiri, ndipo kumutchula kudzaonetsa kuti simukulimbana ndi chipatala chonse. Ngati mukuopa kupita nokha, tengani mkulu mnzawo wa bambo wa kumpingo kapena membala wa komiti ya chipatala, ndipo mumuuze ombudsman poyera kuti bambo amalandira mankhwala pomwepo ndiye mukufuna dzina lawo lisungidwe mwachinsinsi. Wina akadzawachitira nkhanza chifukwa cha kalatayo, umenewo ndi mlandu wachiwiri, wolemera kuposa woyambawu.

Musamalize kalatayo ndi kungoti nesi alangidwe. Pemphani zinthu zoti mukadzabweranso mudzathe kuziona ndi maso: kuti kamakina ka shuga ndi timapepala take tizikhala pamalo olandirira odwala usiku uliwonse, kuti wodwala aliyense aziyezedwa akangofika asanauzidwe kukhala pabenchi, kuti pazikhala wina wozungulira pabenchipo kuona ngati wina wasintha, ndiponso kuti dzina la woyang'anira shifiti lizilembedwa poonekera. Pemphani yankho lolembedwa, ndipo mutchule tsiku limene mudzabwere kudzalitenga. Pakatha mwezi osayankhidwa, tengani kalata yanu yodindidwa ija mupite nayo ku ofesi ya Ombudsman. Mukafuna kuti ndiione musanaipereke, nditumizireni pa imelo yomweyi.